Kompyuta ndi Dzina la Mbeŵe

Pa Mishoni ya Mulanje pali chipatala cha mpingo wa CCAP, kumene odwala amalembetsa maina aŵo. Dzina limodzi ena amalemba Mbewe, ena Mbeŵe. Mlembi amadziŵa kuti dzinali ndi lomwelo, koma kwa kompyuta w ndi ŵ ndi zilembo ziŵiri zosiyana.

Choncho wolemba malangizo a kompyuta amailamula kuti ifunefune chilichonse mwa ziŵirizi. Iyo imayambira kumanzere. Imatenga M nkumuyerekeza ndi w, kenaka ndi ŵ. Zikasiyana imapita pa b, kenaka pa e. Pa chilembo chachinayi imaima, nkunena kuti malo ake ndi 3, pakuti iyo imaŵerenga kuyambira pa 0.

Ikauzidwa za w yekha, imafika kumapeto kwa Mbeŵe chimanjamanja, ndipo mbiri ya wodwalayo ingasoŵe.