Pampu Yakale Yopanda Waya wa Earth: Msampha wa Pachitsime

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likuswa mtengo, pampu ya magetsi ndiyo imasunga moyo wa dimba. Koma mlimi akagwira paipi yachitsulo n'kumva kunyerenyetsa m'zala, asaseke. Ilo ndi chenjezo lakuti magetsi akuthawa m'mawaya.

Mapampu ambiri akale analumikizidwa ndi mawaya awiri okha, popanda wachitatu wa earth, uja wobiriwira ndi chikasu. Pakapita zaka, dzuwa, chinyontho ndi makoswe zimawononga chikuto cha mawayawo. Waya wamoto ukakhudza chitsulo cha pampu, magetsi a 230 V amafuna njira yolowera pansi. Earth akakhala palibe, njirayo imakhala thupi la munthu amene waponda pamatope. Fyuzi siingamupulumutse, pakuti magetsi okwanira kusokoneza mtima ndi ochepa kwambiri moti sangaiwotche.

Vuto likaoneka, choyamba n'kuzimitsa pa swichi yaikulu ndi kuikapo loko. Zizindikiro izi zimathandiza mmisiri:

• Breaker ikathima pampu itangoyatsidwa, kawirikawiri mawaya agundana kapena madzi alowa m'mota.
• Ikathima patapita mphindi zingapo, mota ikulemedwa ndi mchenga kapena magetsi afooka.
• Pampu ikamangong'ung'udza osazungulira, aone capacitor. Kachipangizoka kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, choncho sikogwira ndi manja.

Mmisiri wovomerezeka ayeze chikuto cha mawaya ndi makina a megger pa 500 V. Chikapezeka pansi pa 1 megohm, waya kapena mota yatha. Kukulunga polumikizira ndi pulasitiki kapena mphira wa chubu si kukonza ayi.

Mankhwala ake ndi kukoka waya watsopano wokhala ndi earth kuchokera pa bokosi la magetsi kukafika pa pampu ndi mapaipi achitsulo, ndiponso kuika earth leakage ya 30 mA, imene imadula magetsi m'kuphethira kwa diso. Ndodo yokhomera pansi payokha siikwanira. Chipangizo choterechi chinapangidwa ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuteteza anthu a m'migodi ya golide.

Komiti ya madzi izidina batani loyesera pa chipangizochi miyezi itatu iliyonse. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire: zimitsani kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenako muthamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Safunsa anadya phula. Itanani mmisiri nyengo yothirira isanayambe.