Chidendene Chikamapweteka: Mmene Mungapezere Thandizo la Mafizo ku Doha

Anthu ambiri akwathu amene ali ku Qatar amagwira ntchito zoimirira tsiku lonse, monga ulonda, kuperekera zakudya m'mahotela, kugulitsa m'masitolo ndi ntchito za m'nyumba. Limodzi mwa mavuto amene amakumana nawo ndi kupweteka kwa chidendene. Kawirikawiri amakhala matenda amene madokotala amawatchula kuti plantar fasciitis.

Chimachitika n'chiyani?

Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wokhuthala wochokera pafupa la chidendene kukafika kuzala. Ukamalemedwa kwambiri chifukwa choimirira nthawi yaitali pamatailosi, kuvala nsapato zopyapyala kapena kunenepa, umayamba kuwonongeka pamene wagwira fupa. Chizindikiro chachikulu ndi ululu wolasa mukangoponda pansi podzuka m'mawa. Umachepa mukayendayenda, koma umabwereranso mukaimirira nthawi yaitali.

Mapiritsi okha sachiza

Paracetamol, ibuprofen ndi mankhwala opaka a diclofenac amangochepetsa ululu. Wamkulu asapitirire magalamu 4 a paracetamol patsiku. Ibuprofen imatha kuvulaza impso ngati thupi lili ndi madzi ochepa, ndipo m'nyengo yotentha ya ku Doha madzi amatha msanga m'thupi. Ngati muli ndi zilonda zam'mimba, matenda a impso kapena ndinu oyembekezera, musamwe musanafunse dokotala.

Achibale amene muli kumudzi, musapatsire munthu tramadol kapena mankhwala a codeine kuti akapereke kwa m'bale wanu. Malamulo a Qatar ndi okhwima pa mankhwala amenewa, ndipo wonyamulayo atha kumangidwa pabwalo la ndege.

Kopita

Ngati mumakhala ku Al Hilal ndipo muli ndi khadi la zaumoyo la Hamad, yambirani kuchipatala chaching'ono cha Primary Health Care Corporation chimene munalembetsako. Mutha kuimba 107 kuti akupatseni tsiku. Dokotala akakupimani amakulemberani kalata yopita kwa a mafizo. Amuna ambiri ogwira ntchito m'makampani amathandizidwa kuzipatala za ogwira ntchito zimene amayendetsa a Qatar Red Crescent. Ku Doha kulinso Aspetar, chipatala cha mafupa ndi ovulala pamasewera chimene chinatsegulidwa mu 2007, komanso zipatala zolipira. Musanapite kolipira, funsani ngati inshuwalansi ya kuntchito kwanu imalipirira mafizo.

Zimene a mafizo amachita

Amaona mmene mumayendera, amayang'ana nsapato zanu, ndipo nthawi zina amamata tepi kunsi kwa phazi. Koma chachikulu n'chakuti amakuphunzitsani zochita panokha tsiku lililonse:

- Musanatsike pabedi, kokerani zala za phazi kumtunda ndi dzanja kwa masekondi 30, katatu.
- Tsamirani khoma ndi manja, mwendo wopwetekawo uli kumbuyo, chidendene chili pansi, kuti katumba atambasuke.
- Imani pasitepe mutapinda thaulo kunsi kwa zala, n'kumakwera ndi kutsika pang'onopang'ono.
- Mukaweruka, gubuduzani botolo la madzi oundana ndi phazi kwa mphindi 10.
- Siyani mapatapata ndi kuyenda opanda nsapato pamatailosi, ngakhale m'nyumba.

Matendawa sachedwa kuyamba koma amachedwa kutha. Ambiri amachira pakapita miyezi ingapo, ena mpaka chaka. Amene amasiya mafizo ululu ukangochepa ndi amene vutoli limawabwerera. Zikakanika, dokotala angaganize za makina a shockwave kapena jakisoni wa steroid. Jakisoniyu amathandiza kwa kanthawi, ndipo kubaya mobwerezabwereza kungadule mtsemphawo.

Osadikira ngati

Phazi latupa kapena likutentha, likuchita dzanzi, mukulephereratu kuponda, mwavulala kapena muli ndi matenda a shuga. Pitani kuchipatala msanga, chifukwa pangakhale vuto lina loposa ili.