Mankhwala alipo, koma pakhomo akuti chiyani?

Kale mayi wa HIV ankalangizidwa kuletsa mwana kuyamwa msanga, ena n'kumavutika kugula mkaka wam'chitini. Kumudzi komwe madzi ndi apachitsime, ana ambiri otere ankatsekula m'mimba n'kunyentchera. Zinthu zinasintha mu 2011, Malawi atakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+: mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo, kwa moyo wake wonse, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike.

Akamamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, tizilombo timachepa m'magazi ndi mumkaka momwe. N'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2016 linati mayi wotere ayamwitse mwakathithi miyezi 6, kenako apitirize limodzi ndi zakudya zina mpaka chaka kapena zaka ziwiri. Khanda nalo limamwa nevirapine milungu 6 yoyambirira, kenako Bactrim, ndipo limayezedwa magazi pa milungu 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24.

Zakuchipatala ndi zimenezo. Ntchito yeniyeni ili pakhomo. Mwana wa miyezi iwiri akalira usiku, apongozi amadzuka: "Sakukhuta ameneyu, m'phikireni kaphala kamadzimadzi." Amanena mwachikondi, komatu matumbo a khanda ndi anthete, ndipo phala, madzi kapena zitsamba zimatha kuwasupula, kachilombo n'kupeza polowera. Mtsikana wapaukwati angawatsutse bwanji apongozi pamene ngakhale mwamuna wake sanamuululire? Botolo la mapiritsi walibisa pansi pa thumba la ufa, amamwa mozemba, ndipo kukabwera alendo kapena kukagwa maliro amadumphitsa.

Apa m'pamene amayi anzake omwe anadutsamo kale, monga a bungwe la mothers2mothers, amathandiza kwambiri. Amamuuza poyambira pokambirana ndi bambo wakunyumba, amamulondola akajomba kusikelo, amamuonetsa kagwiridwe ka mwana kuti nsonga za mawere zisang'ambike. Bere likatupa kapena kuchita zilonda, athamangire kuchipatala, uku akuyamwitsa linalo.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Mayi amene analibe kachilombo ali ndi pakati, akakatenga akuyamwitsa, tizilombo timachuluka kwambiri masiku oyambirirawo ndipo mwana amatenga mosavuta. Pitani limodzi kusikelo, mukayezetse nonse.