Mapiri a Black Hills: Miyala Yace ndi Eni Ace

Kumadzulo kwa South Dakota, m'dziko la United States, kuli mapiri oima okha pakati pa cigwa cacikuru. Alakota amawati Paha Sapa, ndiko kuti mapiri akuda, cifukwa mitengo ya paini imaoneka bii munthu akali kutali.

Zaka ngati mamiliyoni 60 zapitazo mphamvu za pansi pa dziko zinatukula malowo monga culu. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala ya pamwamba, ndipo pakati panaoneka thanthwe lolimba la zaka pafupifupi mamiliyoni 1,700. Nsonga yace yaitali, Black Elk Peak, iri mapazi 7,242 pamwamba pa nyanja. M'miyala yakaleyo munali golidi, amene kukokololako kunamfikitsa poyera.

M'caka ca 1868 Boma linapangana ndi Alakota ku Fort Laramie kuti mapiriwo akhale ao. Koma mu 1874 gulu la asilikari a George Custer linapeza golidi mu mtsinje wa French Creek. Azungu anakhamukirako, namanga mudzi wa Deadwood mu 1876. Mu 1877 Boma linalanda mapiriwo. Mgodi wa Homestake unakumbidwa kufikira 2002.

Mu 1980 bwalo lalikuru la mirandu linagamula kuti Alakota alipidwe madola oposa mamiliyoni 100. Iwo anakana ndalamazo, nati dziko la makolo siligulitsidwa. Mphunzitsi wophunzitsa za mapiriwa asalekanitse mbiri ya miyala ndi ya anthu, pakuti golidi wa m'thanthwe ndiye anaswetsa pangano.