MUKAFIKA KU BLANTYRE, KAONENI NYUMBA ZAKALE

Abale anga alimi, kukolola kwatha, ndipo ambiri a inu mukwera basi kunka ku Blantyre. Ena mukagula malata ndi feteleza, ena mukazonda odwala ku chipatala cha Gulupu. Kawirikawiri munthu wa kumudzi akatha chimene anadzera amathamangira ku depoti, poyesa kuti m'tauni mulibe chake. Ine nditi musafulumire. Patulani theka la tsiku mukaone malo atatu amene ndikuuzeni pano.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi ichi. Gogo wina wa m'dera langa anali ndi khasu limene agogo ake anasula ndi chitsulo cha m'ng'anjo. Chaka chatha anandionetsa monyadira. Mwezi wathawu, ndili kuyendera nkhokwe, ndinafunsa za khasu lija, ndipo anandiuza kuti adzukulu analigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Anawo sanachite dala ayi. Panalibe amene anawauza kuti chitsulo chadzimbiricho chinali chiyani. Zinthu zakale zimatayika motero, ndipo zikapita sizibweranso.

Mukatsika basi pa Wenela, yambani ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Mishoni ya Blantyre. Ndi pafupi, mungathe kupita pansi. Apa ndi pamene mzinda unayambira. M'chaka cha 1876 Henry Henderson wa mpingo wa ku Scotland anafika kuno pamodzi ndi Tom Bokwito, amene ankamumasulira mau, ndipo Mfumu Kapeni inawalola kumanga. Malowo anawatcha Blantyre, dzina la kwao kumene Dr David Livingstone anabadwira.

Tchalitchicho anachimanga kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire za mamangidwe, ndipo amene anamanga naye anali anthu akuda a kuno komwe, osazolowera ntchito yotere. Anaumba njerwa ndi dothi la pomwepo, naziotcha ndi nkhuni. Yandikirani khoma muziyang'anitsitse, mudzaona kuti nzamaumbidwe ambiri, zina zosongoka, zina zokhota. Papita zaka zoposa 130 ndipo anthu akali kupempheramo. Dothi lake ndi longa lomwe muli nalo kwanu, manja ake ndi a anthu onga inu.

Pa mishoni yomweyi ndi pamene khofi anayambira m'dziko muno. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan, wosamala dimba la mishoni, anabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera ku Edinburgh, koma kamodzi kokha ndiko kanapulumuka. Mbewu za kamtengo kameneko zinadzaza minda ya azungu ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo iwo anaika mtima wao wonse pa khofi. Cha m'ma 1900 mtengo wake unagwa pa msika, tizilombo ndi chilala zinaononga mitengo, kotero kuti ambiri anamsiya nayamba thonje ndi fodya. Inu amene mwazolowera kudzala mbewu imodzi munda wonse, mwamva kodi?

Pochoka pamenepo funsani njira ya ku Mandala. Kumeneko kuli nyumba yosanja ya khonde lozungulira imene inamangidwa m'chaka cha 1882. Mwa nyumba zachizungu zimene zikalipo m'Malawi, yakale koposa ndi imeneyi. Inali ya kampani ya African Lakes, imene oyang'anira ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linagwira nyumba, linagwira kampani, ndi dera lonse mpaka lero.

Mukaimirira pa khonde lake, kumbukirani anthu amene maina ao sanalembedwe. Masiku amenewo njanji kunalibe, pakuti sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Katundu ankadza ndi sitima za pamadzi mu mtsinje wa Shire mpaka kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake kuli mathithi, sitima sizikadatha kupitirira. Tsono amtengatenga ankasenza nsalu, mchere ndi mikanda pamutu, nakwera mapiri mpaka ku Mandala, ena napitirira kukatula ku Matope. Anthu amenewa anali alimi. Boma la atsamunda litaika msonkho wa nyumba, ambiri ankasiya makasu ndi kukasenza katundu kuti apeze ya msonkho. Kapena mmodzi wa iwo anali kholo lanu. M'chipinda cha pamwamba muli mabuku ndi zithunzi zakale zimene bungwe la Society of Malawi limasunga, ndipo amene afuna kudziwa zambiri za masiku amenewo angakafunse kumeneko.

Pali chinanso choti mlimi aone pa nyumbayi. Anaimanga ndi zidina ndi matope, monga timangira kumudzi. Nanga bwanji ikali chilili pamene zathu zimagumuka patangopita madzinja ochepa? Taonani kukula kwa khonde lake. Mvula sifika pa khoma. Ndiponso eni ake akhala akukonza pamene paonongeka, osadikira kuti pagwe. Nyumba yanu ndi nkhokwe yanu zifuna zomwezo: denga lotuluka bwino kunja, ngalande yopatutsa madzi, ndi kumata ming'alu mvula isanayambe.

Malo achitatu ali ku Chichiri, pa msewu waukulu wonka ku Limbe, kufupi ndi bwalo la mpira la Kamuzu. Iyi ndi nyumba ya Boma yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Isanamangidwe, zinthuzo ankazisunga m'nyumba ya Mandala ija. Pabwalo mudzaona injini za sitima ndi magalimoto akale, zimene ana amakondwera nazo kwambiri. M'kati muli zida zamiyala ndi zachitsulo za makolo athu, miphika, ndalama zakale ndi nkhani yomvetsa chisoni ya malonda a akapolo. Ine nditaona zitsulo zosulidwa ndi manja zitasungidwa mwaulemu chotero, mtima unandipweteka pokumbukira khasu la gogo uja.

Popita, tengani kandalama kapadera, pakuti ena mwa malo otere amalipiritsa pakhomo. Pitani m'mawa pakati pa sabata, chifukwa Lamulungu ku tchalitchi kumakhala mapemphero. Musakhudze chinthu kapena kujambula musanapemphe. Ngati nkotheka tengani mwana wa sukulu kuti azikuwerengerani zolembedwa, inu muzimuuza zimene munamva kwa akulu.

Mukabwerera kumudzi, yambani pakhomo panu. Mphero, mtondo wakale, nthungo, khasu losula, musazitaye kapena kuzigulitsa ngati zitsulo zakutha. Khalani pansi ndi agogo akali moyo, muwafunse kumene mudzi wanu unachokera ndi mbewu zimene ankalima kale, mwana alembe zonse m'kope. Mukapeza ng'anjo yakale kapena mapale ambiri polima, musaswe. Uzani a mfumu kuti akadziwitse a Boma. Paja mau a akulu akoma akagonera, koma ngati palibe amene anawasunga, adzukulu athu adzawamva kwa yani?