Kompyuta yakale ndi mzere wa olandira malipiro

Mvula ikayamba ku Mulanje, tiyi amaphukira msanga ndipo maesiteti amalemba anthu ochuluka othyola masamba. Makilogalamu a munthu aliyense amayezedwa pasikelo, ndipo manambala onsewo amakathera pa desiki ya kalaliki wa malipiro.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kalaliki yemwe adali ndi mwayi wa kompyuta amauona mwezi ukamatha. Ali mkati mowerengetsa malipiro pa Lotus 1-2-3, bwana n'kufuna kalata yachangu, amayenera kusunga ntchitoyo, kutseka pulogalamu, ndiye n'kutsegula WordPerfect. Panja mzere wa antchito uli chidikirire.

Kodi makinawo samatha kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi?

Kunena zoona, kompyuta ya purosesa imodzi sichita zinthu ziwiri pakamodzi. Imangodumphadumpha, apa pang'ono, apo pang'ono, mwaliwiro loti maso sangaone. Zili ngati mayi yemwe akuvundula nsima kwinaku akusuzumira mphika wa ndiwo: manja ndi omwewo.

Luso limeneli lidali lotheka ngakhale pa makina akale. Amiga 1000 ya kampani ya Commodore, yomwe idatuluka mu 1985, imayendetsa mapulogalamu angapo ndi memore ya makilobaiti 256 okha.

Vuto lidali MS-DOS, pulogalamu yoyendetsa makina a mtundu wa IBM PC, omwe adayamba kugulitsidwa mu 1981 ndipo ndiwo adafala m'maofesi. DOS idapangidwa kuti izitumikira pulogalamu imodzi basi, m'malo osapitirira makilobaiti 640.

Akatswiri adayesa njira zozembera. Mu 1983, DOS 2.0 idabwera ndi lamulo la PRINT lomwe limalola pulinta kusindikiza munthu akuchita zina. Mu 1984 kampani ya Borland idatulutsa SideKick, yomwe imabisala m'memore n'kutulukira ndi kakyuleta kapena polemba manotsi munthu akadina mabatani. Koma timapulogalamu totere tikachuluka, timalimbirana malo mpaka makina kuuma.

Windows 3.1 ya mu 1992 idaonetsa ngati nkhani yatha, pomwe ayi. Mapulogalamu ake amagawana purosesa mwa ulemu chabe, ngati pamjigo popanda woyang'anira: wotunga amachoka yekha akakhutira. Pulogalamu imodzi ikakakamira, zonse zimaima, ndipo kalaliki amangozimitsa makina. Manambala omwe sadasungidwe amapita, n'kuyambiranso kulowetsa kuchokera m'mabuku a kusikelo. Cholakwika chimodzi pakubwerezapo ndi ndalama ya ufa ya banja lina.

Chomwe chimasoweka ndi kapitawo woti azilanda purosesa nthawi ya pulogalamu ikakwana, ifune isafune. Amiga idali naye kuyambira pachiyambi, koma anthu ambiri a makina a mtundu wa IBM adamuona koyamba mu Windows 95, ndipo ngakhale apo mapulogalamu akale amathabe kusokoneza anzawo.

Windows 95 nayo idali ndi mtengo wake. Imafuna purosesa ya Intel 386 kapena yoposa apo, ndi memore ya mamegabaiti osachepera 4. Ofesi yomwe idali ndi makina a 286, kaya ku Chitakale, paboma kapena ku Muloza, imayenera kugula ena kapena kupitiriza kutseka Lotus kuti ilembe kalata.