Imfa pa Njira Yakumwera: Zomwe Malamulo Amanena za Alendo Opanda Ziphaso

Mu Okutobala 2022, anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Mtangatanga m'boma la Mzimba anapeza manda obisika. Apolisi atafukula anatulutsamo mitembo 25 ya amuna, ndipo ina inapezekanso pafupi pomwepo. Mu Disembala chaka chomwecho, mitembo 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, pafupi ndi mzinda wa Lusaka. Izi zisanachitike, mu Malichi 2020, anthu 64 anafa chifukwa chosowa mpweya m'kontena ya lole imene inaimitsidwa m'chigawo cha Tete ikuchokera ku Malawi. Amoyo anali 14 okha. Onsewa akuganiziridwa kuti anali nzika za dziko la Ethiopia pa ulendo wa ku South Africa.

Gwero la ulendowu lili m'munda. Ambiri mwa anyamatawa amachokera m'madera a Hadiya ndi Kembata, kumwera kwa Ethiopia, kumene anthu ndi othithikana kwambiri ndipo mabanja ochuluka amalima malo osakwana hekitala imodzi. Chakudya chawo chachikulu ndi enset, mbewu yofanana ndi nthochi imene imatenga zaka zingapo kuti ikhwime. Munda wotere sungagawidwe kwa ana onse. Choncho banja limagulitsa ng'ombe kapena kubwereketsa mundawo kuti lilipire ozembetsa anthu, pokhulupirira kuti mwanayo akakapeza ntchito m'sitolo ku Johannesburg adzatumiza ndalama.

Njirayo imadzera ku Moyale, n'kudutsa Kenya ndi Tanzania, kenaka Malawi kapena Zambia, mpaka Mozambique kapena Zimbabwe. Macheke akachuluka pa misewu ikuluikulu, ozembetsawo sasiya malonda awo koma amakweza mtengo n'kusankha njira zoopsa: nkhalango, malole otsekedwa ndi mabwato. Mu Juni 2012, anthu oposa 40 anamira pa nyanja ya Malawi kufupi ndi Karonga.

Nanga malamulo amati chiyani? Pangano la bungwe la United Nations la mu 2000 lothana ndi kuzembetsa anthu limanena kuti wolakwa ndi wozembetsayo. Ndime 5 ikuti munthu asaimbidwe mlandu pansi pa panganoli chifukwa choti anazembetsedwa, ndipo ndime 16 ikulamula maboma kuteteza moyo wake. Komabe mayiko ali ndi mphamvu zogwiritsa ntchito malamulo awo oona za anthu olowa ndi otuluka, n'chifukwa chake ambiri amatsekeredwa m'ndende miyezi yambiri podikira kubwezedwa kwawo. Ku Malawi, ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko ikuti aliyense womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Mawu akuti "aliyense" sapatula mlendo.

Nkhaniyi ikukhudza alangizi chifukwa tinjira ta ozembetsa timadutsa m'minda ndi m'madambo a m'malire, kumene mlangizi amafika kawirikawiri kuposa wapolisi. Achikumbi akapeza alendo ofooka ndi njala, nthawi zambiri amachita mantha n'kukhala chete. Mlangizi angathe kuwafotokozera kuti choyamba ndi madzi, chakudya ndi chipatala, kenaka kudziwitsa nyakwawa ndi apolisi. Chiphaso chingakambidwe mawa, koma munthu amene wakhala masiku m'lole yotsekedwa sangadikire mpaka mawa.